Satifiketi ya webusaiti yathu yafa patatha miyezi itatu: tigule yandalama?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Likhubula, m'boma la Mulanje:

"Ndimasunga mabuku a kagulu kathu kolondolera alendo okwera phiri, ndipo tili ndi kanyumba kogona alendo. Alendo amasungitsa malo pa webusaiti: amalemba dzina, nambala ya pasipoti ndi masiku obwera. Mnyamata amene anatipangira anaiika pa seva ya lendi, ya Ubuntu ndi nginx, n'kuikapo satifiketi yaulere, kenako anapita ku Joni. Patatha miyezi itatu aliyense wotsegula anayamba kuona chenjezo lofiira. Ndinatenga satifiketi ina yaulere pa intaneti n'kukopera mafayilo ake pa seva ndekha. Tsopano pa laputopu ikutseguka bwinobwino, koma pa mafoni ena ikukanabe. Wina akuti zaulere n'zosadalirika, tigule yandalama. Ndichite chiyani?"

Achemwali, ndalamazo zisungeni kaye. Satifiketi yaulere ndi yogula zimateteza mauthenga mofanana ndendende, chifukwa kubisa mauthengako sikuchitidwa ndi satifiketi. Kumachitidwa ndi seva yanu ndi browser ya mlendo zikagwirizana kudzera mu ndondomeko ya TLS. Ntchito ya satifiketi ndi kutsimikizira browser kuti seva imene ikuyankhayo ndi yeniyeni ya dzina limene mlendo walemba, osati ya munthu wobisalira pa Wi-Fi ya pa bwalo la ndege kapena ya mu hotela. Zakuchitikirani zinthu ziwiri zosiyana. Makina amene amayenera kutenga satifiketi yatsopano okha anaima, ndipo pamene munakopera mafayilo pamanja, zikuoneka kuti munasiyako imodzi. Zonse ziwiri mukhoza kuzikonza masana amodzi.

Koma nkhaniyi musaipepuse, poti fomu yanu imanyamula manambala a mapasipoti a anthu. Mlendo wa ku Germany kapena wa ku Lilongwe akaona chenjezo lofiira amatseka n'kukasungitsa malo kwina, ndipo sitingamunene. Chimene ndikukupemphani n'choti musamawauze pa WhatsApp kuti angodina Advanced n'kupitirira, chifukwa mukatero mukuwazoloweza kunyoza chenjezo limene tsiku lina lidzakhala likunena zoona. Kubwerera ku http wamba, imene siibisa mauthenga ngati https, nakonso si njira: kuyambira mu July 2018 Chrome imalemba kuti Not secure pa tsamba lililonse lopanda https, ndipo chilichonse cholembedwa pa fomu yotero chimayenda poyera. Dziko lathu lilinso ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, lomwe limapereka udindo kwa aliyense wosonkhanitsa zinthu zotere kuti azisamalire.

Miyezi itatu mwatchulayo ikundiuza kuti mnyamata uja anaika satifiketi ya Let's Encrypt. Bungweli, limene limayendetsedwa ndi Internet Security Research Group ku America, linatsegulira aliyense masatifiketi aulere kumapeto kwa 2015, ndipo imene munali nayo inali ya masiku 90. Masikuwo anawachepetsa dala, kuti kiyi wachinsinsi wa satifiketiyo akabedwa wakubayo asapindule naye nthawi yaitali, komanso kuti anthu asiyire makina ntchito yotenga yatsopano. Pa seva yokonzedwa bwino, pulogalamu ya certbot imadzuka kawiri pa tsiku n'kuwerenga masiku otsala. Akatsala 30 imapempha yatsopano n'kuiika, inu muli mtulo. Ndiye satifiketi ikafika pofa, ndiye kuti kwa mwezi wathunthu certbot inkayesa n'kulephera, kapena sinkadzuka n'komwe, ndipo panalibe woona. Kale Let's Encrypt inkatumiza imelo yochenjeza, koma inasiya mu June 2025. Ngakhale ikanatumiza, ikanapita kwa mnyamata ali ku Joni uja.

Amene akuti mugule mwina akukumbukira zakale, pamene munthu ankagula satifiketi ya zaka ziwiri kapena zitatu n'kuiwalako. Nthawi imeneyo inapita. Mu September 2020 malire anatsika kufika pa masiku 398, ndipo mu April 2025 CA/Browser Forum, bwalo limene opereka masatifiketi ndi opanga ma browser amagwirizanirapo malamulo, linavomereza kutsitsabe: masiku 200 kuyambira March 2026, masiku 100 kuyambira March 2027, ndi masiku 47 kuyambira March 2029. Malire amenewa akukhudza yogula yomwe. Mukagula, mulipira madola amene kuwapeza kwake mukukudziwa, ndipo tsiku lofa lidzafikabe, mwinanso pakati pa nyengo ya alendo inu muli ku Chambe kapena ku Thuchila kopanda netiweki. Chofunika kukonza ndi makina otenga yatsopano aja.

Lowani pa seva kudzera pa SSH, njira yoilembera malamulo muli kutali, ndipo musanakhudze kalikonse sungani kope la mafayilo a nginx, pulogalamu imene imapereka webusaiti yanu kwa alendo:

sudo cp -r /etc/nginx /root/nginx-yakale

Kenako funsani certbot zimene ikudziwa, ndipo muiuze iyeserere kutenga yatsopano:

sudo certbot certificates

sudo certbot renew --dry-run

Loyambalo likuonetsani maina amene ali pa satifiketi, tsiku limene inathera, ndi komwe mafayilo ali. Lachiwirilo limachita zonse mongoyerekeza pa makina oyeserera a Let's Encrypt, osasintha kanthu pa seva yanu. Mawu amene litulutse likalephera muwawerenge modekha, chifukwa nthawi zambiri amanena vuto mwachindunji. Zambiri zimalembedwa mu /var/log/letsencrypt/letsencrypt.log.

Kuti mumve mawuwo, dziwani zimene zimachitika kuseri. Let's Encrypt isanapereke satifiketi imafuna umboni woti dzinalo lili m'manja mwanu. Certbot imaika kafayilo kakang'ono pa webusaiti yanu, pansi pa /.well-known/acme-challenge/, ndipo makina a Let's Encrypt amabwera kudzakawerenga kudzera pa port 80, khomo la pa seva la http wamba ija. Apa ndi pamene ambiri amadzitchera okha. Akaona kuti https yayamba kugwira pa port 443, amatseka port 80 poganiza kuti alimbitsa chitetezo. Satifiketi yoyamba imakhala italowa kale, zonse zimaoneka bwino, ndipo vuto limadzaonekera patatha masiku 90. Lembani sudo ufw status muone ngati 80 ndi 443 zonse zili zotsegula. Muyang'anenso pa tsamba la kampani imene mumachitako lendi seva, poti ambiri ali ndi firewall (chotchinga chotseka ma port) inanso kumeneko. Port 80 kukhala yotsegula si ngozi ngati ntchito yake ndi kungotumiza anthu ku https.

Ngati si zimenezo, tsegulani fayilo ya mu /etc/letsencrypt/renewal/ imene ili ndi dzina la webusaiti yanu, mupeze mzere woyamba ndi authenticator. Mukapeza manual, ndiye kuti mnyamatayo anatenga satifiketi pamanja, ndipo yotero certbot siingaitengenso yokha. Mukapeza standalone, certbot imafuna kugwira port 80 yokha, pamene nginx yakhalapo kale, ndiye imalephera tsiku ndi tsiku mwakachetechete. Chimene mukufuna kuona pamenepo ndi nginx kapena webroot.

Kwina kumene vuto limabisala ndi ku DNS, kaundula amene amalumikiza dzina la webusaiti ndi nambala ya seva. Cholembedwa cha A chiyenera kuloza ku IP ya seva yanu, cha dzina lopanda www ndi cha www chomwe. Samalani kwambiri ndi cholembedwa cha AAAA, cha IPv6, mtundu watsopano wa manambala a IP. Chikakhalapo, Let's Encrypt imayamba kuyesa chimenecho, ndipo chikakhala choloza ku seva yakale, inu pa netiweki ya foni webusaiti muiona bwinobwino koma iwo akafika kolakwika. Ngati seva yanu ilibe IPv6, chifufuteni. Pomaliza onani ngati chodzutsa certbot chilipo:

systemctl list-timers | grep certbot

Pakapanda kutuluka kanthu, ndipo mu /etc/cron.d mulibe fayilo ya certbot, mwapeza chifukwa. Zimachitikanso kuti seva ili ndi ma certbot awiri, wina wa apt wina wa snap (njira ziwiri zoikira mapulogalamu), ndipo zimasokonezana. Siyani mmodzi. A Electronic Frontier Foundation, amene amasamalira certbot, amalangiza wa snap.

Tsopano za mafayilo munakopera aja. Ngati munawaika mu chikwatu china n'kusintha nginx kuti iloze kumeneko, palibe chovuta. Koma ngati munawakopera pamwamba pa a mu /etc/letsencrypt/live, pamenepo pawonongeka kanthu. Zimene zili m'menemo si mafayilo enieni, ndi zolozera ku mafayilo a mu /etc/letsencrypt/archive, ndipo certbot ikapeza kuti zasinthidwa imakana kugwira ntchito. Zikakhala choncho, sunthirani mafayilo anu kwina, lozetsani nginx kumeneko kaye kuti isagwe, ndiyeno fufutani zakalezo ndi sudo certbot delete musanapemphe yatsopano.

Njira ikatseguka, yesani kaye mongoyerekeza, m'malo mwa dzinalanu.mw muike dzina lanu lenileni:

sudo certbot certonly --nginx --dry-run -d dzinalanu.mw -d www.dzinalanu.mw

Zikayenda, pemphani yeniyeni:

sudo certbot --nginx -d dzinalanu.mw -d www.dzinalanu.mw

Kuyeserera kaye kuli ndi chifukwa chake. Let's Encrypt imalola masatifiketi 5 okha a maina ofanana pa sabata, ndipo imaikanso malire pa kulephera kobwerezabwereza. Munthu wokhumudwa amene akungobwereza lamulo lomwelo usiku amadzapezeka atatsekeredwa kunja masiku angapo, webusaiti ili yofiira. Maina onse awiri muwalembe pa lamulo limodzi. Satifiketi imagwira pa maina olembedwamo okha, ndipo kwa browser dzinalanu.mw ndi www.dzinalanu.mw ndi maina awiri osiyana.

Tifike pa funso la laputopu ndi mafoni, lomwe ndikufuna mulimvetse bwino chifukwa lidzakuthandizani pa seva iliyonse. Mukapita ku ofesi ndi kalata ya nyakwawa ya m'mudzi mwanu, wa pa desiki sangadziwe nyakwawa zonse za m'boma la Mulanje. Amene amawadziwa ndi mafumu aakulu, ndipo zidindo zawo ali nazo m'buku. Ndiye mumanyamula mapepala awiri: kalata ya nyakwawa yonena za inu, ndi pepala la mfumu yaikulu lotsimikizira nyakwawayo. Foni nayo imabwera ndi mndandanda wa masatifiketi a muzu amene imawakhulupirira. Satifiketi yanu siinasainidwe ndi muzu mwachindunji. Inasainidwa ndi satifiketi yapakati, ndipo yapakatiyo ndiyo inasainidwa ndi muzu. Seva yanu iyenera kupereka yanu ndi yapakati pamodzi nthawi iliyonse. Ikapereka yanu yokha, ma browser a pa kompyuta nthawi zambiri amakaifuna okha yosowayo kapena amakhala anaisunga kale, n'chifukwa chake laputopu yanu sikudandaula. Mafoni ena, mapulogalamu ambiri a pa foni, ndi makina a makampani olandira malipiro satero. Amangokana.

Amene amapereka masatifiketi otsitsa pamanja nthawi zambiri amapatsa mafayilo atatu: satifiketi, mtolo wa zapakati umene nthawi zambiri dzina lake limakhala ndi mawu oti bundle, ndi kiyi. Nginx ilibe mzere wapadera woperekera mtolowo kwa alendo. Imafuna kuti satifiketi ndi mtolo zikhale mu fayilo imodzi, yanu pamwamba, zapakati pansi. Ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene panapunthwa zinthu. Certbot imakupangirani kale fayilo yolumikizidwa, ndipo mizere iwiri ya mu nginx iyenera kuoneka chonchi:

ssl_certificate /etc/letsencrypt/live/dzinalanu.mw/fullchain.pem;

ssl_certificate_key /etc/letsencrypt/live/dzinalanu.mw/privkey.pem;

Mukaona cert.pem pa mzere woyambawo, musinthe kukhala fullchain.pem. Amene ali pa Apache, kuyambira 2.4.8 nayonso imalandira fullchain.pem pa SSLCertificateFile. Mukasintha chilichonse lembani sudo nginx -t, ndipo ikavomera m'pamene mulembe sudo systemctl reload nginx. Nginx imawerenga satifiketi podzuka kapena pa reload basi, ndiye n'zotheka satifiketi yatsopano kukhala pa disiki seva ikuperekabe yakufa. Mukagwiritsa ntchito --nginx certbot imachita reload yokha. Mukagwiritsa ntchito webroot, onjezerani --deploy-hook "systemctl reload nginx".

Poyesa, musadalire laputopu yanu. Lembani izi:

openssl s_client -connect dzinalanu.mw:443 -servername dzinalanu.mw -showcerts

Chakumapeto mufune mzere wa Verify return code. Ziro ndiye kuti zili bwino, pamene 21 amatanthauza kuti yapakati ikusowa. Pali tsamba laulere la SSL Labs, la kampani ya Qualys, limene limafufuza seva yanu kuchokera kunja n'kukuuzani ngati unyolo wa satifiketi yanu, yapakati ndi muzu uli wosakwanira.

Unyolo ukakwanira koma foni ina n'kumakanabe, tengani foniyo m'manja muwerenge timawu ting'onoting'ono ta pansi pa chenjezo. NET::ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID ndi nkhani ya dzina, monga ya www ija. NET::ERR_CERT_DATE_INVALID pamene satifiketi ili yamoyo ndi wotchi ya foniyo. Kuno izi n'zofala kwambiri: foni yathima masiku awiri chifukwa magetsi kulibe, kapena batire inachotsedwa, ndipo ikayaka ikuganiza kuti tili m'chaka china. Satifiketi ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye foni imene yabwerera m'mbuyo imaiona ngati isanabadwe. Ikani kuti foni izitenga nthawi kuchokera ku netiweki, zithera pomwepo. Pa seva namonso lembani timedatectl muone ngati wotchi ikugwirizana ndi ya pa intaneti.

NET::ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID pa foni yakale ndi nkhani ina, ndipo ndikuuzeni mosabisa. Muzu wa Let's Encrypt, wotchedwa ISRG Root X1, mulibe mu Android yakale kuposa 7.1.1, ya kumapeto kwa 2016. Kwa zaka zingapo bungweli linkadutsira pa muzu wa kampani ina, DST Root CA X3, umene unatha pa 30 September 2021. Anapeza njira yoti mafoni akale a Android apitirire kwa zaka zina zitatu, koma nayonso inatha mu 2024. Lero foni ya Android 6 kapena 7.0 ikana satifiketi ya Let's Encrypt ngakhale seva itakonzedwa bwino chotani. Alendo anu ochokera kunja ambiri sizidzawakhudza. Amene zingawakhudze ndi olondolera ndi onyamula katundu amene akugwirabe foni inagulidwa kaunjika ku Chitakale kapena ku Limbe. Ngati foniyo ingalole kuikamo Firefox, imathandiza, chifukwa Firefox imayenda ndi mndandanda wakewake wa mizu. Ngati anthu otero ali ambiri ndipo webusaitiyo amaifunadi pa ntchito, certbot imatha kulankhula ndi opereka ena amene amatsata ACME, ndondomeko yomweyi yopemphera satifiketi imene Let's Encrypt imagwiritsa ntchito, kudzera pa --server. Koma werengani kaye mafoniwo. Ine sindingasinthe wopereka chifukwa cha foni imodzi.

Pali chinthu chimodzi chikundidetsa nkhawa kuposa chenjezo lofiiralo, ndicho kiyi. Satifiketi si chinsinsi, aliyense wotsegula webusaiti amailandira. Chinsinsi ndi privkey.pem. Amene ali ndi kiyi ameneyu akhoza kudzionetsa ngati seva yanu, browser n'kumukhulupirira. Kiyi wabwino amabadwira pa seva ndipo sachokapo. Amene munatsitsa pa intaneti uja wadutsa mu browser, mu chikwatu cha Downloads cha laputopu, mwinanso pa fulashi kapena pa imelo. Mukamaliza ndi certbot, imene ipange kiyi watsopano pa seva pomwepo, fufutani wakaleyo paliponse pamene ali, ndipo pa tsamba pamene munatenga satifiketi ija muithetse ngati pali poithetsera. Wothandiza aliyense akakupemphani kuti mumutumizire privkey.pem pa WhatsApp kuti aone vuto, mukane. Palibe vuto la satifiketi limene limafuna zimenezo.

N'chimodzimodzi ndi mnyamata uja. Sindikumuganizira choipa, koma n'kutheka kuti akadali ndi njira yolowera pa seva, ndipo foni kapena laputopu yake ikabedwa kumeneko, njirayo yapita ndi wakubayo. Yang'anani mu fayilo ya authorized_keys, ya mu chikwatu cha .ssh, muchotse makiyi amene simukuwadziwa, mutatsimikiza kaye kuti inu mukulowa ndi wanu. Sinthani mapasiwedi. Ndipo fufuzani kuti dzina la webusaiti linalembetsedwa m'dzina la ndani, ndi imelo ya ndani. Amene ali ndi ulamuliro pa DNS akhoza kutenga satifiketi yovomerezeka ya dzina lanu osakhudza seva yanu n'komwe, ndipo lendi ya dzinalo ikatha osalipira, zonse takambiranazi zimagwa. Masatifiketi onse operekedwa poyera amalembedwa m'kaundula wa Certificate Transparency, ndiye pa tsamba la crt.sh mukhoza kulemba dzina lanu n'kuona onse amene anatulutsidwapo. Mukaona yosadziwika, funsani.

Zotsalazi n'zopepuka. Certbot idzaika kapena idzakufunsani zotumiza onse a http ku https, ndipo muvomere. Za mitundu ya TLS, lolani 1.2 ya 2008 ndi 1.3 ya 2018 zokha. SSL yeniyeni, imene Netscape inatulutsa m'ma 1990, inafa kale ngakhale dzinalo linatsalira pakamwa pa anthu, ndipo TLS 1.0 ndi 1.1 ma browser akuluakulu anazisiya mu 2020. Certbot yatsopano imaika zimenezi yokha mu options-ssl-nginx.conf. Musakopere mizere ya ssl_ciphers m'malangizo akale a pa intaneti. Mukafuna kulemba nokha, Mozilla ili ndi tsamba lotchedwa SSL Configuration Generator limene limakupatsani zoyenera mtundu wa nginx wanu. OpenSSL, pulogalamu ya pa seva imene imagwira ntchito ya TLS, iziikidwanso zatsopano nthawi zonse. Bowo la mu OpenSSL lotchedwa Heartbleed, la mu April 2014, linkatulutsa zinsinsi za m'makumbukiro a seva, makiyi omwe, pa maseva amene masatifiketi awo analibe vuto lililonse.

Ngati zithunzi za Sapitwa ndi za mathithi a Dziwe la Nkhalamba zasowa kapena tsamba laphwasuka mutalowa https, ndiye kuti mkati mwa tsambalo muli maadiresi oyamba ndi http, ndipo browser ikukana kusakaniza. Pa WordPress sinthani maadiresi awiri a mu Settings akhale a https, kenako musinthe akale a m'nkhani ndi m'zithunzi.

Mudzamvanso za HSTS, ndipo SSL Labs idzakukopani nayo chifukwa imakweza magiredi. Ndi uthenga umene seva imauza browser kuti kwa nthawi yakutiyakuti isadzatsegulenso webusaitiyi popanda https, ndiponso isalole munthu kudumpha chenjezo. N'chinthu chabwino, koma kwa inu si cha lero. Mukaika chaka chathunthu satifiketi n'kufanso, mlendo aliyense amene anafikapo kale adzatsekeredwa kunja kotheratu, popanda ndi Advanced yomwe. Yambani ndi max-age=300, omwe ndi mphindi 5. Mudzakweze mutaona ndi maso anu kuti certbot yatenga yatsopano yokha kawiri. Za preload, kulembetsa dzina lanu pa mndandanda wa HSTS umene ma browser amabwera nawo, musakhudze, chifukwa kutulukamo kumatenga miyezi.

Wina akadzakulangizani kuti musiye lendi muike seva mu ofesi pa rauta ya simukhadi, dziwani kuti maneti a mafoni nthawi zambiri amagawira anthu ambiri IP imodzi, ndiye Let's Encrypt siingafike pa port 80 yanu, ndi alendo omwe sangafike. Satifiketi yokha mukhoza kuitenga potsimikizira kudzera mu DNS, njira imene imafunikanso pa satifiketi ya nyenyezi (*.dzinalanu.mw) yokwirira maina onse ang'onoang'ono. Koma ndi magetsi athuwa, ndi mmene mvula ya Freddy inatidulira misewu ndi mawaya mu March 2023, webusaiti yosungitsira malo ikhale pa seva ya lendi. Ndipo ngati SSH ikukulemerani, si chamanyazi kusamukira ku kampani imene ili ndi cPanel, tsamba loyendetsera webusaiti mongodina, ndi AutoSSL yake, kumene zonsezi zimachitika zokha.

Kodi yogula ilibiretu ntchito? Ilipo ya mitundu imene woperekayo amafufuza mapepala a kampani n'kulemba dzina lake mkati mwa satifiketi. Mabanki ndi mabungwe ena amaifuna chifukwa cha malamulo awo. Koma ma browser anasiya kuonetsa dzina la kampani pa adiresi mu 2019, ndipo Chrome inachotsa ngakhale kaloko kaja mu 2023, itaona kuti anthu amakatenga ngati umboni woti webusaiti ndi ya anthu okhulupirika, pamene akuba nawo amakhala ndi https. Mlendo wanu sadzaona kusiyana. Mugule pokhapokha banki kapena kampani yolandira malipiro italemba kuti ikufuna mtundu wakutiwakuti. Dziwaninso kuti TLS imateteza manambala a mapasipoti ali pa ulendo basi. Akafika pa seva, kapena fomu ikawatumiza ku imelo imene pasiwedi yake amaidziwa anthu asanu, satifiketi ilibenso mphamvu pamenepo. Ngati nambala ya pasipoti simuifuna mlendo asanafike, ichotseni pa fomu, adzalembe m'buku akafika.

Poti imelo yochenjeza kulibenso, ikani mlonda wanu. Pali ntchito zaulere za pa intaneti zimene zimayang'anira webusaiti n'kutumiza uthenga satifiketi ikatsala pang'ono kutha. Lembetsani imelo ya gulu, osati ya munthu mmodzi. Pa kalendala ya mu ofesi chongani tsiku la 65 kuchokera pamene mwatenga yatsopano, ngati ili ya masiku 90. Tsiku limenelo lembani sudo certbot certificates. Mukaona masiku otsala abwerera kupitirira 80, makina akugwira. Mukaona 25, muli ndi milungu itatu yokonzera alendo asanaone kanthu. Ndipo nthawi iliyonse mukasintha firewall, DNS kapena nginx, bwerezani renew --dry-run musanatseke laputopu.

Chenjezo likapitirira mutachita zonsezi, nditumizireni mawu onse amene renew --dry-run yatulutsa, timawu ta NET::ERR ta pa foni yokanayo, ndi mtundu wa Android wa foniyo, umene muupeza mu Settings pansi pa About phone.